Mtondo Wobwereka

Loŵeruka lina m'mwezi wa Okutobala tidaitanidwa ku chinkhoswe konkuno ku Chinyonga, pakhomo pa anansi athu amene mwana wawo wamkazi adapeza banja. Titafika pachipata tidayamba taima, pakuti bwalo limene timaliona masiku onse lili ndi zingwe zoyanikapo zovala lidali litasanduka mudzi. Pansi adayala mphasa zatsopano. M'mbali mwa tenti adakoloŵeka malichero, mithiko, zipande ndi zikho, ndipo pakati penipeni adaimika mtondo waukulu ndi minsi iŵiri yomangidwa maliboni. A kuchikazi onse adavala nsalu imodzi yolembedwa dzina la mtundu wawo, Alhomwe. A kuchimuna, amene ndi Angoni a ku Ntcheu, adamanga kumutu timalamba ta maŵanga a kambuku, ndipo anyamata awo adanyamula zishango zimene chikopa chake sichidakhalepo pamsana pa ng'ombe iliyonse.

Pamene anthu adatanganidwa ndi perekaniperekani, ife tidasuzumira mumtondo muja. Mudali mbee, mopanda gaga, mopanda ngakhale fungo la chimanga. Titafunsa, adatiuza kuti mtondowo ndi wa anthu okongoletsa malo, ndipo amaubwereketsa pa tsiku pamodzi ndi mipando, tenti ndi malichero omwe. Chiusemere, munthu sadasinjiremo.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi pamene atsikana ankatsukira mbale, padakhala agogo ake a namwali wopeza banjayo. Adafika dzulo lake kuchokera ku Phalombe atavala chitenje chawo chakale chofwifwa, ndipo popeza nsalu ya mwambo idatha asadafike, achibale adaŵapempha mwaulemu ndithu kuti akhale chakuseri, kuti zithunzi zioneke bwino. Pabwalo lonselo padalibe wina wodziŵa kuyamba nkhani m'Chilhomwe ndi kuimaliza, koma iwo okha. Woyendetsa mwambo ankafuula pa chimkuzamawu timawu tiŵiri ta Chilhomwe timene adaloŵeza pamtima, anthu nkumayankha ndi nthungululu. Agogo aja adangopenya, manja ali pamiyendo.

Sitikulemba izi kuti tichititse manyazi anansi athu, pakuti zimene adachita iwo tonse tikuchita, ku Chinyonga kuno, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri komwe. Tikulemba chifukwa taona kuti m'tauni muno mtundu wa munthu wasanduka katundu wa pamsika. Amaugula pa mita, amausoketsa kwa telala, amauvala Loŵeruka, ndipo Lolemba amaupinda nkuuika m'sutikesi. Malonda ameneŵa ali ndi owagula ndi owagulitsa, ali ndi opindula ndi oluza, ndipo amene akuluza kwambiri ndi anthu onga agogo aja, eni ake enieni a chinthu chimene chikugulitsidwacho.

Tisanapitirire, tiyambe tavomereza kuti njala imene ikutuma anthu kukagula nsalu zimenezi ndi njala yeniyeni. Alhomwe ali ndi chifukwa chomveka chonyadira dzina lawo. Makolo awo adaloŵa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, ku madera ozungulira phiri la Namuli, kuyambira cha m'ma 1890, pothaŵa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno adafikira m'minda ya azungu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, kumene adalipira malo okhala ndi thukuta lawo pa thangata. Ankaitanidwa ndi dzina lachipongwe lakuti Anguru, ndipo ambiri adaleka kulankhula chinenero chawo pamaso pa anthu, mpaka ana awo adakula osachidziŵa. M'chaka cha 1943 Bambo Lewis Bandawe adayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society, ndipo mwa zina zimene adamenyera nkhondo chidali chakuti boma lileke kulemba dzina lachipongwe lija. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Alhomwe ndi anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse m'Malaŵi, achiŵiri kwa Acheŵa. Tsono pamene Mulhako wa Alhomwe udachita mwambo wake ku Chonde, m'boma la Mulanje, mu 2008, motsogozedwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, sikudali kodabwitsa kuona nkhalamba zikuvina tchopa misozi ili m'maso. Munthu amene agogo ake ankabisa mtundu wawo ali ndi ufulu woutchula mokweza.

Chimodzimodzinso ena onse. Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Ntcheu pa Umhlangano, kukumbukira Inkosi Gomani Chikuse imene Angerezi adaipha mu 1896. A ku Mzimba ali ndi Umthetho pa phiri la Hora. Acheŵa amapita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero, ndipo Ayao ali ndi Chiwanja chawo. Palibe cholakwa kuti anthu akumane ndi kukumbukira kumene adachokera. Chimene tikutsutsa ife ndi chimene chimatsala m'tauni mwambo ukatha, ndiponso chimene chimayamba miyezi iŵiri mwambo usanafike, pamene mauthenga amayenda m'mafoni kuti nsalu ya chaka chino yafika, ndipo ya chaka chatha siikuloledwanso.

Tiyeni tiione bwino nsaluyi, popeza ndi imene tasankha kuti itilankhulire. Makolo athu akale ankavala nyanda kapena chiwondo, chosula kuchokera ku khungwa la mtengo wa mombo, ndi zikopa za nyama. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zawozawo, ndipo David Livingstone adaziona ndi maso ake pamene adadzera m'chigwamo mu 1859. Amalonda a ku gombe la nyanja yamchere, pamodzi ndi Ayao, adadza ndi mikanda ndi nsalu yoyera ya merikani, imene dzina lake lomwe likuulula kuti inkachokera ku mafakitale a ku America. Nanga chitenje, chimene timachitcha chovala chathu cha makolo? Kakongoletsedwe kake kadachokera ku chilumba cha Java, ku Indonesia. Azungu a ku Holland adatengera luso la kumeneko, nayamba kudinda nsalu zotere ndi makina, ndipo atapeza kuti eni luso sakuzikonda, adazipezera msika ku West Africa. Kampani ya Vlisco, imene idayamba mu 1846 m'tauni ya Helmond, ikudindabe nsalu zotere. Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa mu Blantyre mu 1967, ndipo boma lidaigulitsa kwa a Mapeto mu 2003. Zitenje zambiri zimene zadzaza mumsika wa Limbe zimadza kuchokera kunja, ku China, ku India ndi ku Tanzania.

Wina adzati, ndiye mwadzitsutsa nokha, pakuti mwaonetsa kuti chikhalidwe chakhala chikuyenda ndi malonda kuyambira kale. Nzoona, ndipo sitikufuna kuti wina abwerere ku nyanda. Chitenje chidakhala chathu chifukwa cha ntchito imene amayi athu adachipatsa. Amaberekera mwana, amatenthera nkhata, amafunditsa wodwala, amamangira ndalama pangodya, amayala pansi pa maliro. Chinthu chimasanduka cha anthu pamene chaloŵa m'moyo wawo nkuthamo. Mikanda ya ku Ulaya idakhala ya Angoni ndi Ayao chifukwa amayi adaitunga ndi manja awo, naipatsa tanthauzo limene wogulitsa sadalidziŵe. Koma nsalu yolembedwa dzina la mtundu ili ndi ntchito imodzi yokha, ndiyo kuuza wopenya kuti uyu ndi wathu, uyo si wathu.

Ife amene tidakula m'masiku a chipani chimodzi tikukumbukira chinthu china chimene chidali ndi ntchito yomweyo. Munthu sankaloŵa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani, ndipo anyamata ankaima pachipata kufunsa. Amayi ankavala nsalu ya nkhope ya Kamuzu pokavina, ndipo si onse amene ankavala mwa kufuna kwawo. Mu 1993 Amalaŵi adavota kuti zimenezo zithe. Nchomvetsa chisoni kuti khadi limene tidalitaya ladzabweranso lili lalitali mamita anayi, ndipo tsopano tikuligula tokha mokondwa. Palibe wonyamula chikwapu pachipata, komabe mayi amene wafika pa mwambo alibe nsalu ya chaka chino amadziŵa yekha pokhala.

Tilingalire za mayi wa ku Ndirande amene amagulitsa tomato ndi masamba pa benchi. Chaka chimodzi chokha amamuuza kuti agule nsalu ya mtundu wake, nsalu ya chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake, nsalu ya ukwati womwewo, nsalu ya gulu la banki m'khonde, ndi nsalu ya chipani imene mwina amalandira yaulere koma amailipira m'njira zina. Ndipo pano tisadzibise, abale, pakuti ifenso m'maparishi mwathu tili ndi nsalu ya bungwe lililonse ndi ya chikondwerero chilichonse, mwakuti tchalitchi chikakwanitsa zaka 25 kapena 50, chinthu choyamba kukambirana m'komiti chimakhala mtundu wa nsalu. Chikhalireni kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa chilichonse udakwera. Mayi uja amasankha pakati pa nsalu ndi fizi ya mwana, ndipo kaŵirikaŵiri amasankha nsalu, chifukwa mwana wobwezedwa kusukulu amalirira m'nyumba, pamene manyazi a pamwambo amaoneka pagulu. Kale munthu ankakhala Mlhomwe, Mngoni kapena Myao chifukwa adabadwa. Tsopano ayenera kulipira chaka ndi chaka kuti aoneke chimene ali kale, ndipo wolemera amene sadziŵa ngakhale dzina la mudzi wa amayi ake amaoneka mwini mtundu koposa mphaŵi amene adakulira momwemo.

Msika uli ndi khalidwe lake. Sukonda chinthu chovuta kufotokoza, umafuna chizindikiro chimodzi chosavuta kunyamula. Motero mtundu wonse wa anthu, ndi mbiri yake ya zaka mazana, umafinyidwa mpaka utakwana m'kathumba. Funsani mwana wa ku Chinyonga chimene akudziŵa za Alhomwe, adzakuuzani za gondolosi, muzu umene amuna amatafuna kuti akhale ndi mphamvu m'nyumba, ndipo adzaseka. Chaka chilichonse nthabwala za gondolosi zimadzaza m'mafoni koposa mbiri ya thangata. Funsani za Angoni, adzakuuzani kuti ndi anthu a nyama ndi moŵa, ndipo alipo Angoni ophunzira bwino amene amanena zimenezi monyadira, botolo lili m'manja, ngati kuti makolo awo adaoloka Zambezi mu 1835 kudzafuna malo omwera. Zimene kale zidali zonyoza zochokera kwa adani, lero eni ake akuzigulitsa okha chifukwa zikuyenda malonda. Pamene Chingoni chidazilala m'makomo ambiri a Angoni, ndipo Chilhomwe chikupumira m'kamwa mwa nkhalamba, ife tikupikisana kugula mikanda yapulasitiki yochokera ku Johannesburg.

Agogo a ku Phalombe aja amadziŵa kuphika kalongonda. Nyemba imeneyi siiphikidwa mothamanga. Amaiŵiritsa ndi kutaya madzi, kuiŵiritsanso ndi kutayanso madzi, pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo wophika mwaulesi amadwalitsa banja lonse. Nzeru yotere siikwana pa nsalu. Imafuna kuti mdzukulu akhale pansi pafupi ndi moto kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa litapendeka, akumva nkhani zina zambiri zimene sadafunse. Nchifukwa chake m'tauni sitiifuna. Yotsika mtengo ndi nsalu, ngakhale idule chotani, pakuti imangofuna ndalama osati nthaŵi.

Taonaninso zimene zachitikira Gule Wamkulu. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti guleyu, pamodzi ndi Vimbuza, ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2014 lidalembanso Tchopa m'kaundula wake. Tidakondwa, ndipo kudali koyenera. Koma kwa Acheŵa gule ali ndi nthaŵi yake ndi malo ake. Amatuluka pa maliro, pa chinamwali, pa kulonga ufumu, ndipo chilombo chilichonse chili ndi chimene chikuphunzitsa. Kaya munthu amagwirizana ndi za kudambwe kaya sagwirizana nazo, ndipo tikudziŵa kuti Akhristu ambiri ali ndi mafunso awo pa zimenezi, aliyense angavomereze kuti gule sadapangidwire kusangalatsa alendo amene akudya chakudya chamadzulo m'mbali mwa dziŵe losambiramo. Lero amamuitana ndi foni, amavina mphindi khumi, amalandira envulopu, nakwera minibasi. Zigoba zake zimapachikidwa pa misika ya ziboliboli mumzinda wa Blantyre pakati pa njovu zamatabwa ndi timabokosi ta mkungudza, ndipo wogula sauzidwa dzina la chigoba ngakhale chimodzi. Mkungudzawo, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje. Phingo nayenso, mtengo wakuda umene amisiri amasemera, akunka nasoŵa. Kuti mlendo anyamule Malaŵi m'chikwama, Malaŵi weniweni akudulidwa.

Zimenezi si za kuno kokha. Akatswiri aŵiri a za chikhalidwe cha anthu, John ndi Jean Comaroff, adalemba buku mu 2009 lotchedwa Ethnicity, Inc., m'mene adafotokoza m'mene mitundu ya anthu ikusandukira ngati makampani ogulitsa dzina lawo. Ku South Africa, m'chigaŵo cha KwaZulu-Natal, kuli malo otchedwa Shakaland. Adamangidwa poyamba kuti ajambulirepo filimu ya mfumu Shaka, ndipo filimu itatha adasanduka mudzi woonetsa alendo m'mene Azulu amakhalira. Anthu ankavala zikopa pa nthaŵi ya ntchito, nkuvula poŵeruka. Kumeneko wogula adali mlendo wochokera kutali, ndipo mwina tingamukhululukire chifukwa sadziŵa. Chodabwitsa cha kuno kwathu nchakuti mlendo wake ndife tomwe. Tamanga mudzi wa m'filimu pakhomo pathu, ndipo tikulipira kuti tidzione tokha.

Pali yankho lina limene timalimva kaŵirikaŵiri, ndipo ndi lolemera koposa onse. Amati, nanga telala adya chiyani? Nanga wosema mitondo, woluka malichero, mtsikana amene wapeza ntchito yokongoletsa malo? M'dziko losoŵa ntchito ngati lino, kodi nkulakwa kuti chikhalidwe chidyetse anthu? Ife tikuti sikulakwa, ndipo tikadakondwa chikadadyetsa iwowo. Koma tiŵerengere bwino. Woluka lichero amaligulitsa kamodzi, pa mtengo umene wogula wa m'tauni wanenerera mpaka kuutsitsa. Wokongoletsa malo amalibwereketsa Loŵeruka lililonse kwa zaka zitatu. Ovina amene abwera pa lole kuchokera kumudzi amagaŵana ndalama imene siifika pa mtengo wa keke. Mlimi wa thonje wa ku Chikwawa kapena ku Balaka alibe gawo pa chitenje chodindidwa kutsidya kwa nyanja. Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo ogwira ntchito m'boma adalimbikitsidwa kuvala zosokedwa kuno tsiku Lachisanu. Matelala adapindulako ndithu, ndipo tikuyamika. Koma tikadafunsa kuti nsalu ya malaya a Lachisanuwo idaombedwa kuti, ambiri tikadaŵerama.

Kuti chikhalidwe chingathe kudyetsa eni ake osachivula ulemu, umboni ulipo. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Amisiri a m'midzi yozungulira adaphunzira ndi kukulitsa luso lawo losema, nagulitsa ntchito za manja awo, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za gule mazana angapo, chilichonse ndi dzina lake ndi tanthauzo lake. Ntchito imeneyo idatenga zaka makumi ambiri za kukhala pansi ndi akuluakulu, kufunsa ndi kulemba. Kumeneko munthu amatuluka akudziŵa chimene sadali kuchidziŵa poloŵa. Ifenso a ku Chinyonga tili ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri, imene idatsegulidwa mu 1966, ndipo tingayende wapansi kukafikako. Tidzifunse kuti ndi angati mwa ana athu amene tidapita nawo kumeneko ife eni, osadikira ulendo wa sukulu, ndipo tiyerekeze ndi maulendo amene tapita nawo ku masitolo akuluakulu a pafupi pomwepo.

Tsono pali wogula wina amene sitidamutchule, ndipo ndiye amalipira bwino koposa onse. Wandale adazindikira kale kuti anthu ovala nsalu imodzi savuta kuŵaŵerenga. Pa mwambo uliwonse wa mtundu, mipando yakutsogolo imakhala ya anthu ofuna mavoti, ndipo amene wapereka ndalama zambiri amatchulidwa dzina kambiri koposa makolo amene tadzaŵakumbukira. Sitikuloza chipani chimodzi kapena mtundu umodzi, pakuti nthendayi yagwira kumwera, pakati ndi kumpoto komwe. Mu 2017 mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero udasokonekera chifukwa cha mikangano ya otsatira zipani, ndipo anthu amene adabwera kudzalemekeza Chikulamayembe adabalalika ndi mantha. Pamene mtundu wasanduka katundu, sitiyenera kudabwa kuti wolemera augula wonse pikulitsa. Ndipo zotsatira zake timazimva m'maofesi ndi m'minibasi, pamene anthu amanong'onezana kuti ntchito yakuti idapita kwa uje chifukwa ndi wakwawo kwa akuluakulu. Kaya nzoona kaya nzabodza, kunong'onako kokha kukudya dziko.

Izi zikutipweteka kwambiri ife a mu Blantyre chifukwa mzinda uno sudakhalepo wa mtundu umodzi. Pamene amishoni a ku Scotland adafika mu 1876, adapeza Ayao a kwa Kapeni ndi Amang'anja. Pambuyo pake kudabwera Alhomwe, Angoni, Asena, Atonga, Atumbuka, Amwenye ndi ena, kudzafuna ntchito ku njanji, ku fodya, ku mafakitale ndi m'maofesi. Mu mzere umodzi wa nyumba ku Chinyonga mungapeze mitundu isanu, ndipo m'nyumba zambiri bambo ndi wa kwina, mayi wa kwina. Mwana wa Mtumbuka ndi Mlhomwe, wobadwira ku Gulupu, wolankhula Chicheŵa cha m'tauni, tidzamusokera nsalu iti? Ana otere ndiwo ochuluka, ndipo ali ndi chikhalidwe chawo chenicheni chimene palibe amene amachidinda pa nsalu. Ndicho kubwerekana mchere pa mpanda, kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro a munthu amene kwawo sitikudziŵa, kugona pa siŵa ya mnansi wa chipembedzo china. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa m'dziko muno, anyamata amene ankafukula matope ndi makasu ndi manja sadafunse mtundu wa amene ali pansi. Zitenje zimene amayi adavula kuti afunditse mitembo ndi ana ozizidwa zidali za maŵanga onse.

Kodi tsono tikuti nsalu zitenthedwe ndi miyambo ithe? Iyayi. Tikuti amene akufuna kunyadira mtundu wake alipire mtengo wake weniweni, umene ndi wokwera koposa wa kwa telala. Mabungwe a mitundu amene amatha kusonkhetsa ndalama zambiri za tsiku limodzi angathe kulipira aphunzitsi a chinenero chawo m'matauni chaka chonse, kusindikiza timabuku ta ana, ndi kujambula mawu a nkhalamba zisanapite. Zina mwa izi zimalankhulidwa pa nsanja chaka ndi chaka, koma m'makomo mwathu sitikuziona. Komiti ya chinkhoswe, ya ukwati kapena ya parishi ingathe kunena poyera kuti wobwera ndi chitenje chake chakale alandiridwa chimodzimodzi, ndipo izichitadi zimenezo poika anthu pamipando. Wofuna lichero akaligule kwa woluka pa mtengo umene wanena, ndipo akapetere. Banja limene lili ndi ndalama ya nsalu ya anthu makumi atatu lili nayonso ndalama ya basi yotumizira ana kumudzi pa tchuthi, kuti akadziŵe manda a makolo awo, dzina la mfumu yawo ndi chiŵongo chawo. Paja akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Sadanene kuti ndi nsalu.

Ndipo chinkhoswe chomwe tichibwezere ntchito yake. Mwambo umenewu udakhazikitsidwa kuti mabanja aŵiri adziŵane, ndi kuti pakhale anthu odziŵika, amalume kapena achibale ena, amene adzathamangire pamene m'nyumba mwaloŵa matenda, maliro kapena mkangano. Nkhuku zimene ankhoswe amapatsana, tambala ndi msoti, ndi chikole cha udindo umenewo. M'tauni muno tafika poti ena amagwiriziza unkhoswe kwa mnzawo wa kuntchito wodziŵa kulankhula bwino pagulu, chifukwa amalume enieni a kumudzi alibe suti. Tsiku la mwambo zonse zimayenda bwino. Koma pakapita chaka, mbale zikayamba kuuluka usiku, nkhoswe ya tsiku limodzi ija foni yake siipezeka, ndipo ana aŵiri amatsala okha ndi zithunzi zokongola pakhoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa chinkhoswe cha anansi athu chija, dzuŵa litapendeka ndipo alendo ambiri atabalalika, tidapita kukapereka moni kwa agogo aja. Tidagwada, ndipo iwo adatifunsa za kwathu ndi za ana. Kenaka adaitana mdzukulu wawo, namwali uja, amene adabwera atanyamula nsapato zake m'manja chifukwa cha kutopa. Adamugwira dzanja nayamba kumulankhula m'Chilhomwe, pang'onopang'ono, mawu ambiri ndithu, ndipo nkhope yawo idaonetsa kuti akunena zinthu zimene adazisunga ulendo wonse wa kuchokera ku Phalombe. Mtsikanayo adamwetulira mwaulemu, nayang'ana amayi ake kuti amumasulire. Amayi akewo adagwira mawu aŵiri kapena atatu, otsalawo adaŵadutsa. Agogo adayesanso m'Chicheŵa, koma chimkuzamawu chidali chikulirabe, ndipo wojambula adaitana namwali kuti adzajambulitse chithunzi chotsiriza pafupi ndi mtondo kuŵala kusanathe.

Chithunzicho chitajambulidwa, anyamata a okongoletsa malo adamasula maliboni, nanyamula mtondo ndi minsi yake kukakweza pa lole. Adati akufulumira, chifukwa m'maŵa mwake mtondowo unkafunika ku Bangwe, pa chinkhoswe cha Ayao.